Siling'i ya matabwa kapena ya PVC? Zokambirana pa gulu la omanga nyumba ku Kasungu

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeniko nzeru. Nyumba yathu ya ku Chankhanga tafolera, pulasitala watha, mawindo taika, chatsala ndi m'kati. Ine mtima wanga uli pa siling'i ya matabwa pabalaza, ija ya timatabwa tating'ono tolowana, komanso makabati a kukhitchini akhale a matabwa. Bambo akunyumba akuti ayi, tiike PVC, ija ya pulasitiki, matabwa ndi ndiwo za chiswe. Amene munaikapo matabwa m'nyumba, zikukuyenderani bwanji? Nanga ndi mtengo wanji umene ndingagule osadzalira nawo?

Banda wa ku Joni: Alamu anga, mverani bambowo. PVC mumagula lero, mawa anyamata akhoma, mkuja mwalowa m'nyumba. Siifuna penti, siifuna vanishi, chiswe sichiiyang'ana n'komwe. Matabwa ndi fasho ya makolo.

Mayi a Yamikani: Fasho ya makolo yomweyo ndi imene malo ogona alendo a kunyanja akudyera ndalama za azungu kkkk

Banda wa ku Joni: Kumeneko kuli antchito osamalira. Alamu angawa ndi aphunzitsi, adzakwera liti pamakwerero kukapaka vanishi?

Nankhoma: Ine kuno ku Santhe ndili ndi PVC, ndipo sindikuinyoza. Kungoti mwezi wa Okutobala malata akapsa imagwa mimba pakati, makamaka pamene timitengo tokhomerapo tatalikirana. Ndipo khoswe akamadutsa usiku mumamva phazi lililonse.

A Mwale kalipentala: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali kopalitsa matabwa, magetsi anayaka masana. Mayi Nachisale, aliyense akabwera kwa ine amayamba ndi funso lanulo, loti mtengo wanji. Ine ndimabweza langa: thabwalo lachekedwa liti? Ntchito zambiri zimene anthu amandiitanira kuti ndikakonze, siling'i yatseguka mizere, chitseko chapotoka, kabati sakutsekeka, mlandu sukhala wa mtundu wa mtengo ayi. Anakhoma thabwa laliwisi. Mtengo ukangochekedwa umakhala wodzaza madzi, paini wina theka la kulemera kwake ndi madzi okhaokha. Madziwo akamachoka thabwa limabwerera, ndipo limabwerera m'lifupi, m'litali silisintha kwenikweni. Thabwa la mainchesi 8 likhoza kuchepa ndi theka la sentimita kapena kuposa. Ndiye taganizani matabwa 40 ondandalikidwa pabalaza, lililonse labwerera pang'ono. Pofika Ogasiti mukuona malata kudzera m'mipata, fumbi la kudenga likugwera m'mbale za alendo. Kenako anthu n'kumati matabwa ndi oipa.

Nachisale: Nanga aja ogulitsa pamsika akamati "awa ndi ouma gwa mayi", ndisawakhulupirire?

A Mwale kalipentala: Kunja kumauma msanga ndi dzuwa, m'kati madzi ali phee. Auzeni adule kachidutswa kumapeto, mugwire pamene padulidwapo. Ngati pakuzizira m'manja, ngati utuchi wake ukugwirana mukaufinya, n'laliwisi. Linyamuleninso, louma limapepuka ndipo mukaligogoda limalira bwino, laliwisi limangoti di. Koma njira yosanama ndi sikelo. Tengani thabwa limodzi pamulu wanu, lembanipo kulemera kwake ndi pensulo, muziliyeza Loweruka lililonse pasikelo yomwe ija ya soya. Likasiya kutsika milungu iwiri kapena itatu yotsatizana, ndiye kuti lafanana ndi mphepo ya kwanuko. Amene ali ndi kachipangizo koyezera chinyontho amafuna chizisonyeza 12 pa 100 kapena pafupi pamenepo pa ntchito ya m'nyumba. Inu a ku Kasungu mumadziwa kale kuti fodya wachinyontho simumudinda m'belo, nanga thabwa mumalithamangitsira chiyani?

Mayi a Yamikani: Eee a Mwale mwatilasa.

A Zimba: Kuno ku Nkhamenya malole a matabwa amadutsa pakhomo penipeni, kuchokera ku Chikangawa kutsika M1 kudzera pa Jenda. Ena akamadutsa fungo la utomoni limatsala mumsewu, kusonyeza kuti achekedwa sabata yomweyo. Wochekayo naye akufuna ndalama yake ibwere msanga, sangasunge matabwa miyezi itatu chifukwa cha siling'i yanu. Kuumitsa ndi ntchito ya wogula. Kapena mulipire zambiri mugule oumitsidwa kale m'ng'anjo kufakitale.

Nachisale: Kuumitsa kwake ndingowayala padzuwa?

A Mwale kalipentala: Ayi mayi, padzuwa apotoka ndi kung'ambika. Nyumba mwafolera kale, ndiye malo muli nawo. Sankhani chipinda chimodzi, mawindo azikhala otsegula. Pansi ikani njerwa, panjerwa mitanda yolingana bwino, mulu ukwere pafupifupi phazi limodzi kuchoka pasimenti. Yalani mzere woyamba, matabwa asagundane, musiye mpata wolowa chala. Pamwamba pake ikani timitengo touma topingasa, kutalikirana mafiti awiri, kenako mzere wina. Chinsinsi chili pa timitengoto: kalikonse kakhale ndendende pamwamba pa kanzake ka pansi, kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mukangotimwaza thabwa limatsatira, limauma lili ndi mafunde. Kumapeto kwa matabwa pakani penti yotsala iliyonse, chifukwa ndi kumene madzi amathawira msanga n'kung'amba. Pamwamba pa mulu sanjikani njerwa zolemetsa. Paini wa inchi imodzi m'chilimwe cha kwathu kuno miyezi iwiri kapena itatu amakhala wakonzeka. Mitengo yolimba ndi matabwa ochindikala amafuna nthawi yoposa pamenepo, ndipo m'dzinja zonse zimayenda pang'onopang'ono.

Nankhoma: Chipindacho chikhale ndi loko. Ndangodutsa.

Banda wa ku Joni: Mwaona? Miyezi itatu munthu akulipira lendi kwina, nyumba yake mukugona matabwa.

Mayi a Yamikani: Achimwene, ndani anakuuzani kuti munthu sangalowe m'nyumba yopanda siling'i? Tonse tinakulira pansi pa malata. Alowe, matabwa aziuma kuchipinda cha alendo.

A Kamanga opuma: Ndathokoza a Zimba potchula Chikangawa. Ine ndinagwira ntchito ya zankhalango mpaka kupuma, ndiye ndiloleni ndiwonjezere. Nkhalango ya Chikangawa ija, ya pa mapiri a Viphya, ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo paini wambiri anabzalidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1960 pofuna fakitale ya mapepala, imene inkayenera kukhala ku Chintheche koma sinamangidwe. Mitengo ija inakula mpaka kukhwima, n'chifukwa chake matabwa a ku Chikangawa a kale anali otambalala, olemera, a mfundo zochepa. Moto wa chaka ndi chaka ndi kudula kosabwezeretsa zinatha mbali yaikulu. Zimene zikubwera tsopano zambiri ndi mitengo yaing'ono, yodulidwa isanakhwime. Thabwa lochokera pafupi ndi pakati pa mtengo waung'ono limapotoka ngakhale mutaliumitsa mwaulemu. Posankha yang'anani kumutu kwa thabwa. Mukaona kadontho ka pakati pa mtengo, mizere ikuzungulira pomwepo, lisiyeni likhale la kudenga. La siling'i likhale la mizere yoyandikana, lopanda mfundo zakuda zogwedera, chifukwa zimenezo zimadzathothoka n'kusiya bowo.

A Zimba: Komanso lija lokhala ndi mawanga obiriwira motuwa. Limenelo linaunjikidwa laliwisi mopanda mpweya. Mphamvu limakhala nayo, koma vanishi sabisa, mawangawo mudzawaona mpaka kale.

Nachisale: A Kamanga, nanga ndikati ndisiye paini ndigule mbawa kapena mlombwa? Kwa agogo anga ku Chulu kuli tebulo la mlombwa, ndinabadwa ndikulipeza, mpaka lero lili nganganga.

A Mwale kalipentala: Mlombwa ndi mfumu, zimenezo sitingatsutsane. Subwerera kwambiri pouma, supotoka, umapalika bwino, ndipo mtima wake chiswe sichiukonda. Koma siling'i yonse ya mlombwa, mayi? Kumwamba kumene palibe amene adzakhudzeko? Mtengo wodula uziikidwa pamene dzanja limafika: chitseko cha kumaso, pamwamba pa tebulo, zitseko za kabati ya pabalaza. Kumwamba paini akwanira, ndi wopepuka, salemetsa denga. Chenjezo lina, mlombwa uli ndi mbali yoyera ya kunja. Imene ija si mlombwa wa agogo anu, imafumbwa. Mukaona ufa wosalala pansi pa mpando m'mawa, tizilombo tili m'kati mwa choyera chija. Ocheka masiku ano akudula timitengo tating'ono, thabwa theka lofiirira theka loyera, kenako wopanga mipando amapaka mtundu kuti zifanane.

Mayi a Yamikani: Pamenepo ndiye ndili ndi umboni. Mnyamata wina pano pa tawuni, dzina ndisunga, anandigulitsa bedi akuti la mbawa, lofiira bwinobwino. Tsiku losamuka mwendo unakhulika pakhoma, m'kati moyera mbee. Bulugama wopaka mtundu.

A Mwale kalipentala: Pogula muzigwada, muyang'ane kunsi ndi kuseri kumene burashi siifika. Kapena pemphani mupale pang'ono ndi mpeni pamalo obisika. Mbawa yeniyeni ndi yofiirira mpaka m'kati. Wokana kuti mupale wakuyankhani kale.

Tembo wa ku Kamwendo: Kuno ku Mchinji mlombwa ndi mukula zimapezeka, zimalowa kuchokera mbali ya Chipata. Ofuna andipeze kumbali.

A Kamanga opuma: A Tembo, pepani, koma pamenepa ndiyankhulapo. Kulowa kwake kudzera pa Mwami ndi mapepala, kapena njira za njinga usiku? Anthu adziwe zimene akugula. Mukula unaikidwa pa mndandanda wa pangano la CITES, la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, mu 2019, ndipo dziko limene linapempha zimenezo ndi Malawi yemweyu. Chaka chomwecho mkungudza wa ku Mulanje, umene Kamuzu anautcha mtengo wa fuko mu 1984, unalowanso. Mu 2022 anawonjezera mbawa, mlombwa ndi msambamfumu. Tanthauzo lake n'lakuti matabwa a mitengo imeneyi sadutsa malire a dziko popanda chilolezo. M'dziko momwe muno lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020, zilango zinakwera. Matabwa a mtengo wachilengedwe amafuna chilolezo chodulira ndi chikalata chonyamulira. Pa rodibuloko akakugwirani opanda zimenezi, matabwa amapita, nthawi zina ndi galimoto yomwe, ndipo wogulitsa uja foni yake imakhala yazima.

Tembo wa ku Kamwendo: Madala, mapepala alipo, musandiweruze.

A Kamanga opuma: Ngati alipo zili bwino, wogula awaone asanapereke ndalama. Ine chimene chimandiwawa n'chakuti mlombwa umatenga zaka makumi angapo kuti ufike pochekedwa. Kuno ku Kasungu zigafa ndi mabani a fodya zinadya mitengo ya m'minda, yotsala ili m'nkhalango ya Chimaliro ndi m'paki ya Kasungu. Munthu akakuuzani kuti ali ndi mlombwa wotambalala wotsika mtengo, dzifunseni kumene wauchotsa.

Nankhoma: Komatu a Kamanga mukatitsekera uku mutitsegulire kwina. Tigwiritse chiyani?

A Kamanga opuma: Malaina. Anthu amaunyoza chifukwa uli paliponse, m'masukulu, m'misewu, m'malire a minda, koma thabwa lake ndi labwino kwambiri m'nyumba. Ndi loyera motuwira, lopepuka, ndipo likauma limakhala pomwepo, silisuntha. Vuto lake limodzi, limachedwa kuuma kuposa paini, m'kati mumasunga madzi nthawi yaitali. Winanso ndi sendelela, wofiirira, wonunkhira, wopepuka, ameneyu pa zitseko za kabati munthu wosadziwa amati ndi mbawa. Yonseyi ndi yobzala, ya pakhomo.

A Mwale kalipentala: Ndikuvomereza. Ku Namitete kumene ndinaphunzira ntchito ankatiuza kuti mmisiri amaoneka pa mtengo wamba. Malaina wouma ndimapangira zitseko za m'kati, mashelefu, mawodiropu, palibe amene anabwerapo kudzadandaula. Bulugama ndiye wamakani. Ndi wolimba, koma pouma amang'ambika, amapotoka, msomali amaukana mpaka uyambe waboola. Wokhwima bwino, wa m'maesiteti akale aja, akauma mofatsa amatulutsa mafelemu ndi miyendo ya tebulo yabwino. Wamng'ono musamulowetse pabalaza.

Banda wa ku Joni: Zonsezi ndamva, koma chiswe simunachiyankhe. Paini ndi malaina chiswe chimadya ngati chilipo.

A Mwale kalipentala: Chimadya, sindikana. Koma chiswe sichigwa kuchokera kumwamba, a Banda. Chimachokera m'nthaka, chimayenda mobisala, ndipo nthawi zambiri njira timachikonzera tokha. Amisiri akamathira dothi m'fawundeshoni amakwiriramo zitsa, zidutswa za matabwa a shatala, mapepala a simenti. Chakudya chimenecho. Kenako felemu ya chitseko amaiimika miyendo yake n'kuikwirira m'simenti ya pansi. Mlatho umenewo. Chikalowa m'felemu chimakwera m'ming'alu ya khoma mpaka kudenga. Ndipo dziwani kuti ngakhale muike PVC, mitanda ya denga ndi timitengo tokhomerapo siling'iyo ndi paini yemweyo. PVC imangokubisirani, mumadzadziwa tsiku limene yagwa.

Nankhoma: Apa ndiye mwandiopseza. Mawa mwana akwera ndi tochi.

Nachisale: Ife pansi tinathira mankhwala tisanawake simenti. Mafelemu ndi achitsulo. Chatsala n'chiyani?

A Mwale kalipentala: Mwayamba bwino. Chotsani chitsa chilichonse ndi nkhuni zotsamira khoma, ndipo ngati pali chulu pafupi chionereni. Muzizungulira nyumba kamodzikamodzi kuyang'ana timisewu ta dothi tokwera khoma, mukationa gumulani ndi kuthira mankhwala pamene tachokera. Matabwa a kudenga apakidwe mankhwala onse, makamaka kumapeto kumene alowa m'khoma ndi paliponse pamene sowo yadula. Siling'i isiyidwe ndi kachitseko kolowera munthu.

A Zimba: Oyilo wakutha wa galimoto amagwira ntchito, ndipo kumagalaja amangopereka.

Gift wa magetsi: A Zimba, oyilo ayi chonde. Pa mitengo ya mpanda kapena khola chabwino. M'denga, pamwamba pa mawaya anga, pansi pa malata otentha, mukuika chinthu choyaka? Ndiponso kukatentha amanunkha nyumba yonse.

A Mwale kalipentala: Amatsikiranso pa siling'i n'kupanga mawanga, ndipo pamene pakhudza oyilo vanishi ndi guluu sizigwira. Ku mitanda ya denga pakani mankhwala oteteza matabwa a Solignum kapena ofanana nawo, musiye fungo lithe musanatseke. Matabwa ooneka a siling'i amafuna mankhwala osada, osanunkha, funsani m'mashopu a hadiweya, muwerenge pachitini ngati amalola vanishi pamwamba. Aja obiriwira olowetsedwa mankhwala ndi makina kufakitale ndi abwino kwambiri kudenga, koma zidutswa zake musasonkhere moto wophikira, musapangirenso thabwa lodulirapo nyama. Muli poizoni.

Gift wa magetsi: Poti ndayamba ndimalize. Mayi Nachisale, wamagetsi alowe siling'i isanakhomedwe. Waya aliyense adutse m'paipi, polumikiza pakhale m'kabokosi kotseka, osati kungopota ndi tepi n'kuponya pamwamba pa thabwa. Makoswe amakonda kutafuna waya, ndipo nyumba zambiri zimene timamva kuti zapsa ndi magetsi moto umayambira kumwamba kumene palibe akuona. Mababu olowa m'siling'i akhale a LED, satentha kwambiri. Izi ndi za aliyense, a PVC musaseke, imeneyo ikagwira moto imasungunuka n'kumadontha, utsi wake ndi woipa.

Banda wa ku Joni: Nanga rhino board, bolodi yoyera ija ya siling'i yokhala ngati choko m'kati? Imeneyo siyaka.

Gift wa magetsi: Pa moto ndi yabwinodi. Koma denga likangodontha pamsomali umodzi imachita chikanga, kenako imafewa n'kugwa. Chilichonse chili ndi mdani wake.

Mayi a Yamikani: Ine ndibwerere ku maonekedwe, poti abambo mwatitengera ku chiswe. Anzanga ena anaika matabwa paliponse, siling'i, makoma mpaka theka, makabati, mapelemeti, zonse vanishi wonyezimira wofiira. Ukalowa masana umafuna kuyatsa getsi. Nyumba yakuda bii, ndipo usiku babu likayaka kumangothwanima. Sizinandisangalatse.

A Mwale kalipentala: Mwaona bwino mayi. Paini amayamba woyera, koma ndi zaka amasanduka wachikasu kenako wofiirira, vanishi amawonjezera. Ndiye ngati kumwamba kuli thabwa, makoma akhale oyera, matailosi owala, makatani osalemera. Mtundu musapake, musiyeni paini akhale paini. Vanishi sankhani wosanyezimira. Ndipo si zipinda zonse. Pabalaza, podyera, mwina ndi pakhonde. Kuzipinda zogona ikani zotsika mtengo, mupake penti yoyera. Onaninso kutalika kwa khoma. Ngati munthu wamtali akukhudza siling'i ndi dzanja, thabwa lidzakupsinjani, bola yoyera. Pabalaza lalitali, matabwa aziyenda motsata kutalika kwake, kuloza kumene kuli windo lalikulu.

Nachisale: Khoma ndi la mamita atatu, amisiri anawonjezera mizere iwiri ya njerwa.

A Mwale kalipentala: Ndiye muli pabwino. Pokhoma kumbukirani izi, muwauze amene adzagwire ntchitoyo. Timatabwa tikhale tating'ono, mainchesi atatu kapena anayi, chifukwa kakang'ono kamabwerera pang'ono. Akatipala ndi kutisema lilime ndi mpata wake, tigone masiku angapo m'chipinda chomwe tikakhomedwecho. Vanishi woyamba apakidwe tili pansi, mbali zonse ziwiri, ndi lilime lomwe. Ambiri amapaka kumaso kokha atakhoma kale, ndiye kuseri kumamwa chinyontho, kumaso ayi, thabwa limapindika. Komanso likabwerera pang'ono pamaoneka mzere woyera pamene vanishi sanafike. Msomali ulowe chopendekera pa lilime kuti ubisike. M'mbali mwa khoma asiye mpata wa sentimita imodzi, kathabwa ka m'mphepete kadzabisa. Mpata umenewo ndi wa Febuluwale, mvula ikakhazikika thabwa limatupa, likasowa kopita limadzuka pakati.

Nankhoma: N'chifukwa chake chitseko changa cha kubafa chimakana kutsekeka dzinja lililonse?

A Mwale kalipentala: Eya. Ndipo musachipale kwambiri m'dzinja, chifukwa pofika Seputembala mudzaona kunja kudzera pampata. Chichotseni, mupale pang'ono pamene chikugwira, kenako mupake penti kumutu ndi kunsi kwake. Malo awiri amenewo opaka penti amawadumpha nthawi zonse poti saoneka, koma ndi pamene madzi amalowera.

Mayi a Yamikani: Za kukhitchini simunanene. Ine langizo langa kwa anzanga ndi lakuti pansi pa sinki pasakhale thabwa. Wakani ndi njerwa, pamwamba konkire ndi matailosi, thabwa likhale zitseko zokha. Mipope yathuyi imadontha, madzi akasiya timasunga m'zidebe momwemo, ndiye bolodi ija ya utuchi wopanikiza ikangonyowa imafufuma, siibwereranso.

A Mwale kalipentala: Ndasayina. Makabati onse a pansi akhale pa kachiunda ka simenti, mainchesi anayi. Chifukwa china ndi kukolopa. Kwathu kuno m'mawa uliwonse mwana amakolopa ndi madzi ochuluka, chikolopa chimamenya miyendo ya kabati, ya wodiropu, ndi kathabwa ka m'munsi mwa khoma. Zaka zingapo kunsi kwada, kwayamba kufumbutuka. M'munsi mwa khoma ikani matailosi, osati thabwa. Miyendo ya mipando ndi matebulo ikhomereni timphira. Makabati a m'mwamba mukhoza kupanga ndi mabolodi a matabwa omatikiza, blockboard kapena plywood, monga zija amapanga a Raiply ku Chikangawa, zimenezo sizipotoka ngati thabwa lotambalala, m'mphepete n'kumata kathabwa. Ndipo mbaula isalowe pansi pa siling'i ya matabwa, mwaye ukakhala pa vanishi suchoka.

Banda wa ku Joni: Chabwino, mwandigonjetsa theka. Koma kunena zoona vuto lina ndi inu akalipentala. Ndinatumiza dipoziti kwa wina wake kuti apange makabati a mayi anga, Khirisimasi inadutsa, Pasaka inadutsa, akuti matabwa akuuma. Tsopano mwamupatsa chonamizira china.

A Mwale kalipentala: Kkkk a Banda, alipo otero, sindiwaikira kumbuyo. Dipoziti ya uyu amamalizira ntchito ya uja. Njira yake, matabwa gulani nokha, aume pakhomo panu, mmisiri mumulipire ntchito ya manja pang'onopang'ono monga ikuyendera. Mulembe zimene mwagwirizana, ngakhale pa WhatsApp pomwepa. Koma nanunso eni nyumba muli ndi mbali yanu. Munthu amabwera pa 10 Disembala, akufuna zitseko zisanu pofika pa 24 poti kukubwera apongozi. Ndikamuuza kuti thabwa louma ndilibe, amapita kwa mnzanga amene sakana ntchito. Nthawi yabwino ndi ino ya misika ya fodya ndi soya, ndalama zikalowa gulani matabwa, aume Juni mpaka Seputembala, tikhome mvula isanagwe.

Nachisale: Ndajambula mauthenga onsewa, ndiwatumizira bambo akunyumba. A Zimba ndikupezani kumbali za malole aja.

A Zimba: Palibe vuto. Mukakhala angapo mukhoza kusonkherana lole imodzi, koma munthu mmodzi apite akasankhe yekha thabwa ndi thabwa. Mukangotuma pa foni amakukwezerani zokhota zonse. Lisiti ndi chikalata zikhale ndi dalaivala, pa Jenda amafunsa.

Nankhoma: A Kamanga, mwandikumbutsa. Kumunda kwa malemu bambo anga ku Chamama kuli malaina asanu ndi atatu m'malire, ena munthu sangawakumbatire. Alongo anga amafuna kuwagulitsa kwa owotcha njerwa. Ndiwaletse?

A Kamanga opuma: Aletseni lero lomwe, mayi. Mtengo waukulu choncho ukapita ku uvuni ndi kutaya. Yambani mwakhala pansi ndi abale onse, poti ndi ya pabanja, kenako mudziwitse amfumu ndi mlangizi wa zankhalango wa dera lanu kuti akupatseni kalata yosonyeza kuti ndi yobzala, idzakuthandizani ponyamula. Musadule yonse nthawi imodzi, yambani ndi itatu yokhwima kwambiri. Nthambi ndi makungwa agulitseni kwa a njerwawo, aliyense apezepo kake. Chitsa mudule mopendekera, malaina amaphukanso, mudzasiye mphukira imodzi kapena ziwiri zowongoka. Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala mubzale ina m'mipata.

A Mwale kalipentala: Pocheka muwauze kuti ambiri akhale a inchi imodzi ndi kota, kuti tikapala patsale inchi, ndi ochepa a mainchesi awiri a mafelemu ndi miyendo. Acheke chipika chikangogwa, chisagone pansi mwezi. Ngati ndi ocheka a macheka apamanja aja a padzenje, thabwa limatuluka lochuluka kuposa a chenisoo, imene ija imadya mtengo wambiri kukhala utuchi ndipo imasiya mabala ozama. Kungoti a padzenje odziwa kutsata chingwe atsala ochepa.

Nankhoma: Ku Wimbe ndinamva kuti kuli madala awiri amachekabe. Amene ali ndi nambala yawo anditumizire kumbali, ndiyambe ndaimbira alongo angawo asanalandire ndalama za anthu.